Lipoti la Msonkhano Wokambirana za Maulendo a Mabanja ndi Ana Kunja kwa Tauni

Wapampando, akomiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu,

Monga munandituma, ndinapita ku Krugersdorp Loweruka lapitali kukaimira gulu lathu pa msonkhano wa nthumwi za mipingo ndi magulu a Amalawi okhala mu Gauteng, ndipo nkhani yaikulu inali yoti tipeze malo amene makolo angapite ndi ana kunja kwa tauni nthawi ya tchuthi popanda kuwononga ndalama zambiri. Ndalama imene munandipatsa inapita ku matekisi awiri popita, awiri pobwera, ndi chakudya cha masana, ndipo malisiti amene ndinatha kupeza ali kale m'manja mwa msungichuma. Ndatchula izi poyamba chifukwa ndinamva kuti ena amafunsa ngati kunali kofunika kutuma munthu pa nkhani yongokasewera.

Chigawo cham'mawa chinatha ndi malonje, mapemphero ndi kuwerenga malamulo a msonkhano. Panalinso wina amene analankhula nthawi yaitali za inshuwalansi ya mabasi, koma zonse zili pa pepala limene ndapereka kwa mlembi.

Chimene chinanditsegula maso ndi zimene anafotokoza mayi wina wa ku Roodepoort, mphunzitsi wa ana aang'ono, zokhudza munda wa zomera wa Walter Sisulu National Botanical Garden. Malowa ali pafupi kwambiri ndi ife, moti banja lingathe kunyamuka m'mawa ndi kubwerera dzuwa lisanalowe, koma ambiri mwa ife tatha zaka mu Johannesburg osawadziwa. Anawatsegulira anthu onse mu 1987, ndipo mu 2004 anawapatsa dzina la Walter Sisulu, womenyera ufulu wa anthu mu South Africa. Mkati mwake muli mathithi a Witpoortjie, otalika pafupifupi mamita 70, ndipo pa thanthwe la pambali pa mathithiwo pamakhala ziombankhanga zakuda zimene zakhala zikuswerana pomwepo kwa zaka zambiri. Pali kapinga wotakata pamene mabanja amayala nsalu ndi kudya kamba wawo. Mayiwa anatichenjeza kuti kusonkha moto n'koletsedwa, ndiye amene amaganiza zokaotcha nyama aiwale, komanso kuti zinyalala zonse munthu amabwerera nazo kwawo. Ine ndikuona kuti lamulo limeneli ndi lotikomera, chifukwa pa maulendo athu am'mbuyomu amayi amathera tsiku lonse pamoto kuphika nsima pamene abambo akucheza pamthunzi, ana n'kumangoyendayenda opanda wowayang'ana. Kumene moto ndi woletsedwa, aliyense adzabwera ndi mpunga, mandasi, zigumu ndi thobwa zokonzeratu kunyumba, ndipo palibe amene adzakhale wophikira anzake.

Anatchulanso Klipriviersberg, kumwera kwa mzinda chakufupi ndi Mondeor, kumene kuli mbidzi ndi nyumbu, ndiponso mabwinja a mipanda yamiyala ya midzi yakale. Kumeneko ndi koyenda pansi, choncho n'koyenera ana okulirapo ovala nsapato zotseka, ndipo pobwera makolo aziwayang'ana m'miyendo chifukwa mu udzu muli nkhupakupa zimene zimadwalitsa. Za damu la Hartbeespoort, nthumwi zambiri zinakopeka ndi zikwere zoyenda pa chingwe zokafika pamwamba pa mapiri a Magaliesberg, koma tinagwirizana kuti mwana asalowe m'madzi amenewo, chifukwa ndi oipa ndipo nthawi zambiri amadzaza ndi namasupuni ngati wa mu mtsinje wa Shire.

Mtsutso weniweni unabuka pa nkhani ya Maropeng ndi mapanga a Sterkfontein, m'dera limene mu 1999 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse. Ku Sterkfontein ndi kumene katswiri wina, Robert Broom, anapeza chigaza chotchuka cha cholengedwa chakalekale chofanana ndi munthu, chotchedwa Mrs Ples, mu 1947, ndipo ku Maropeng, nyumba yoonetserako zakale, ana amakwera kabwato kodutsa pansi pa nyumba asanafike kumene kuli mafupa akalekale. Abusa ena anakana kwamtuwagalu, ponena kuti zimene amaphunzitsa kumeneko za chiyambi cha munthu zimatsutsana ndi Baibulo, ndipo nkhaniyo inaimitsidwa popanda chigamulo. Maganizo anga ndi akuti ana athu amaphunzira kale zimenezi kusukulu ndipo amazilemba pa mayeso, choncho kuli bwino akazione ali ndi makolo awo amene angawayankhe mafunso. Kwathu nako tili ndi zojambula za pa miyala ku Chongoni m'boma la Dedza, zimene zinalowa m'gulu lomwelo mu 2006, ndipo palibe amene anasiya kupemphera chifukwa chokaziona. Ndikudziwa kuti m'gulu mwathu muno muli amene sagwirizana nane, ndipo ndalankhula ngati kholo chabe.

Pomaliza msonkhano unagamula kuti magulu onse achite ulendo umodzi wa basi wopita ku Pilanesberg pa 16 Disembala, popeza ndi tsiku la tchuthi muno mu South Africa. Malowo ndi abwino ndithu: kuli njovu, mikango, zipembere, njati ndi anyalugwe, ndipo kulibe malungo. Koma ine sindinakweze dzanja, ndipo ndiyenera kukuuzani zifukwa zake. Ulendowo ndi wa maola oposa awiri kupita kokha, ndipo mukafika ana amakhalabe m'galimoto chifukwa cha zilombo, kupatula pa malo ochepa otchingidwa. Mwana wa zaka zinayi amene wakulira m'chipinda chimodzi ku Rosettenville kapena ku Turffontein akufuna pothamanga, pogubuduzika ndi poponya miyala m'madzi, ndiye ife tikamutsekerenso m'basi tsiku lonse? Kachiwiri, pofika pakati pa Disembala ambiri a ife timakhala titakwera kale mabasi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe kudzera pa Beitbridge, ndipo otsala amakhala akusunga ndalama ya yunifolomu ndi sukulu ya mu Januwale. Kachitatu, amene anakakamira chigamulochi ambiri ndi ogwira ntchito za m'maofesi okhala ndi magalimoto awo, pamene gulu lathu ndi la osamalira nyumba za anthu, olima maluwa ndi alonda, amene mabwana awo sawamasula nthawi ya zikondwerero. Nditanena zimenezi anandiyankha kuti ziganiziridwa, koma sindinaone mlembi wawo akulemba.

Nkhani ina imene inangokhudzidwa pang'ono ndi ya mapepala. Pa zipata zina mtengo wolowera umasiyana malinga ndi chiphaso chimene munthu wasonyeza, ndipo ulendo wautali wodutsa m'chigawo china umachititsa mantha abale athu ena pa zifukwa zimene tonse tikuzidziwa. Malo apafupi amachepetsa nkhawa imeneyi.

Pano ndiyenera kubwerera ku ulendo wathu wa chaka chatha, chifukwa ku msonkhano anafunsa gulu lililonse mmene limasonkhera, ndipo ine ndinasowa choyankha. Mabanja ena analembetsa maina, minibasi inabwerekedwa molingana ndi maina amenewo, koma pa tsikulo sanabwere ndipo mpaka lero sanalipire. Amene tinapita ndife tinakwaniritsa ndalama yotsalayo kuchokera m'matumba mwathu, titalonjezedwa kuti tidzabwezeredwa, ndipo nkhaniyo sinabwerenso pa mndandanda wa zokambirana. Gulu lina la ku Tembisa linati iwo amasonkha pang'onopang'ono mwezi uliwonse m'thumba lapadera, losiyana ndi la maliro, ndipo dzina la munthu silowa pa ulendo asanamalize kulipira. Ndikupempha komiti kuti itengere njira imeneyi, koma ngongole yakale ithe kaye.

Pa za chitetezo, anatikumbutsa kuti kuyambira Okutobala mpaka Marichi mvula ya mphenzi imakonda kugwa masana kuno, choncho tizinyamuka m'mamawa, ndipo mitambo ikayamba kuda ana achoke pamtunda ndi pansi pa mitengo. Anati wamkulu aliyense apatsidwe ana ake owayang'anira potchula maina, ndipo mwana wobwera popanda kholo lake akhale ndi kalata yachilolezo. Zina zinali za bokosi la mankhwala ndi madzi akumwa.

Chimene ndikupempha kuti tikambirane Lamulungu likudzali tikatuluka m'tchalitchi ndi chakuti gulu lathu lipange ulendo wakewake wopita ku Walter Sisulu mwezi wa Disembala usanafike, masana tiphunzitse ana phada ndi nthano zakwathu pa kapinga paja, ndipo amene akufuna kupita ku Pilanesberg alembetse paokha ndi ndalama zawo. Okonza ulendo wa basi akufuna yankho lathu mwezi uno usanathe.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu