Kwa mwana wanga ku Kanyama, madzi asanaphwe

Mwana wanga wokondedwa,

Chithunzi chija unanditumizira pa WhatsApp ndachiyang'ana usiku wonse. Mbaula ili pamwamba pa tebulo, matilesi mwawakweza pa madiramu, kamdzukulu kanga kaimirira pa mpando, madzi atameza miyendo ya mpandowo. Pa foni umangoti "tili bwino amayi", koma komboni ya Kanyama ku Lusaka ndikuidziwa. Pansi pake ndi mwala, madzi a pansi ali pafupi, ndiye mvula ikachuluka amasowa kolowera, amangoima mpaka kusakanikirana ndi za m'zimbudzi. Za kolera sindikuuza zambiri, sunaiwale January wa 2024 pamene Heroes Stadium anaisandutsa chipatala, ana n'kukhala pakhomo mpaka February sukulu zisanatsegulidwe. Klorini asasowe m'chigubu. Chandilembetsa kalatayi ndi akawalala amene amabwera pambuyo pa madzi, makamaka pano pamene akamwini anga ali pa ulendo ndi thiraki ku Kasumbalesa.

Mu 2010 unali ndi zaka 16, ndipo matenti aja a ku Independence Stadium, kumene anatisamutsira madzi atasefukira, ukuwakumbukira. Koma pali zimene ine ndi malemu atate ako sitinakuuzeni ananu. Pochoka ku komboni yathu ya Misisi tsiku lija, atate ako anagula loko wamkulu, anakhoma chitseko, kiyi n'kundipatsa ine ndimange pa nsonga ya chitenje. Palibe amene tinamutsanzika. Aliyense anali wotanganidwa ndi katundu wake pamutu. Titabwerera, loko uja tinamupeza ali chikhomere, osakhudzidwa n'komwe. Anthuwo anadzera kuseri. Khoma linali litanyowa mpaka kufewa, anangosolola njerwa ndi manja. Anatenga makina anga osokera a Singer, omwe ankalipira sukulu yanu, anatenga mapoto, mabulangete, ngakhale malata anayi a padenga anawazula. Ine ndinakhala pansi m'matope momwemo, kiyi ili m'manja.

Mzere wa kuseri kwathu sanabedwe kalikonse. Iwo asanasamuke anakhala pansi n'kugwirizana: amayi ndi ana apite ku matenti, amuna atsale atatuatatu mosinthana, akugona pa matebulo m'nyumba imodzi yomwe inali pokwera, ali ndi tochi ndi wezulo. Nyumba zawo zinalinso zofewa makoma ngati yathu. Kusiyana kwake kunali kwakuti pamenepo panali maso.

N'chifukwa chake ndikukupempha, lero lomwe, usadikire mawa, pita ukagogode kwa aneba ako. Ndikudziwa kuti ndi amayi a pakhomo loyandikana nalo munayambana chifukwa cha ngalande, ndipo mwina wolakwa sunali iwe. Dzichepetse basi, ukawapatse moni. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mupatsane manambala a foni, mudziwane kuti usiku uno nyumba iti mugona anthu, iti mulibe. Ngati m'dera lanu muli a neighbourhood watch, akudziweni, ndipo kandalama kamene amasonkhetsa usakaone ngati kotaya. Zikafika poti musamuke, TV ndi filiji ukasungitse kwa azakhali ako ku Matero kudakali masana, ngakhale pa wilibala mpaka pa msewu. Koma usadzatsale wekha m'nyumba yodzaza madzi chifukwa cha katundu. Makoma onyowa amagwa usiku anthu ali m'tulo. Makina aja ndinawalira, koma inu nonse ndinali nanu amoyo.

Chitupa chako cha NRC, makadi a ana a ku kiliniki, mapepala a sukulu ndi a nyumba, zonse uzikulunge m'pulasitiki, zikhale m'chikwama chimene sichichoka pathupi pako. Uzijambulenso ndi foni. Ndalama za ku msika usaziike pansi pa matilesi, kaziike mu Airtel Money kapena MoMo dzuwa lisanalowe.

Tsono pali akuba ena amene saboola khoma. Amabwera masana, ovala bwino, buku ndi cholembera m'manja, n'kumati tikulemba maina a anthu okhudzidwa ndi madzi kuti mulandire unga ndi mabulangete, mungopereka kangachepe ka fomu. Ku matenti kuja ine ndinapereka, mayi wina ndi anzake anatola ndalama tenti ndi tenti, sitinawaonenso. Thandizo la boma pa ngozi zotere limadzera ku DMMU, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi yomwe ili pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti, ndipo limafika kudzera kwa akuluakulu a dera amene mumawadziwa nkhope. Chithandizo sichigulidwa. Munthu akafuna ndalama kuti akulembe, ukafunse kaye ku ofesi ya khansala. Wina akaimba foni kuti dzina lako latuluka, utchule PIN kuti ndalama zilowe, dula foniyo pomwepo. PIN sauza munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Chimodzimodzi amene abwere usiku kuti ndife a ZESCO tikuona mawaya a magetsi, alankhulire panja, iwe uli m'kati, aneba atadzuka.

Chimene chikundidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi mdzukulu wanga wamkulu. Wayamba kusinkhuka, ndipo anthu akuona. Kumalo kogona anthu ambiri, kaya ndi m'kalasi kaya m'tchalitchi, usiku kulibe chitseko. Azigona pakati pa iwe ndi khoma. Ku chimbudzi asapite yekha, kukatunga madzi asapite yekha, ndipo malaiti akazima asatumidwe ku kantemba ngakhale kali pafupi. Umuuze momveka kuti munthu aliyense womupatsa chakudya, sopo kapena thokutaimu n'kumuitanira pambali, abwere adzakuuze, ngakhale munthuyo akhale wogawa chithandizo kapena wa ku mpingo. Akakuuza, umukhulupirire, usamukalipire. Ku polisi kuli a Victim Support Unit a nkhani zoterezi, ndipo 116 ndi nambala yaulere yothandiza ana. Aiwerenge pamtima pamodzi ndi nambala yako.

Akuba akalowa muli m'kati, usalimbane nawo. Anyamata amene mumawatcha majunkie aja amayenda ndi zikwanje, ndipo mutu umakhala suli bwino. Gwira ana, apatse foniyo, akatuluka m'pamene ukuwe ndi kuimbira apolisi pa 991 ndi foni ya aneba. Ndipo akagwidwa wina, akamwini kapena mlongo wako asakaponye nawo mwala. Mu 2020, nthawi ija ya mphekesera zoti anthu ena akupopera gasi m'nyumba za anthu, anthu anaphedwa m'makomboni chifukwa chongoloza chala, ena osalakwa n'komwe. Wogwidwayo apite naye ku polisi, ndipo chobedwa chilichonse mukalembetse, ngakhale ziwoneke ngati sizithandiza.

Loweruka nditumiza thumba la unga ndi nyemba pa basi, ukalandire ku Intercity, nambala ya kondakitala ndikuuza ndikakweza. Ngati madzi sakhala ataphwa pofika tsikulo, ana awiriwo uwakweze basi yobwerera, ine ndikawachingamira pa siteji pano pa Katete. Kuno mpunga, maungu ndi mphasa zilipo. Undiyankhe ukangobwerako kwa aneba aja, ndimve kuti mwagwirizana zotani.

Ndine mayi ako.