Lipoti la msonkhano wa za zitsulo uja

A Tcheya ndi mamembala nonse, ndabwerako bwino. Tsiku loyamba linali la malonje ndi zokamba za akuluakulu basi, za inshulansi muwerenga pa mapepala ndabweretsa aja. Chomwe chinandigwira mtima ine ndi gawo la mapaipi a mizinga.

Ine ndinkati paipi yolimba ndi yochindikala, ayi ndithu. Onga ukaphulika presha imazunza kwambiri chitsulo cha mkati, chakunjacho chimathandiza pang'ono chabe, ndiye ukamangochindikiza umangowonjezera kulemera. M'ma 1850 ku Britain a William Armstrong ankatenthetsa mphete zachitsulo n'kuveka paipi kuti zikazizira ziifinye. Pano amachita zomwe amati autofrettage, amapopera mafuta mkati ndi presha yoposa yomwe mzingawo udzakumane nayo, kapena amakankhamo chitsulo cholimba chokulirapo pang'ono kuposa bowolo, mkati mumakula osabwereranso koma kunja kumafuna kubwerera, ndiye kumangofinya mkatimo moyo wake wonse. Mzinga ukalira presha imayamba kaye yagonjetsa kufinyako. Ophunzitsawo anatigwiritsa mphete yodula ku paipi yotere yomwe anaicheka mbali imodzi, pochekapo patayasama pokha moti chala changa chinalowa, mphamvu yonse ija inali chibisalire mu chitsulomo!

Komanso paipi imachindikala kumbuyo kophulikira onga n'kumapyapyala chakukamwa poti presha imatsika chipolopolo chikamayenda, mkati ena amakutamo chitsulo cha chrome kuti moto usadye msanga. Mzinga wa M777, wa bowo la 155 mm, ndi makilo pafupifupi 4,200 pomwe mzinga wa M198 womwe unalipo kale unkapitirira 7,000, koma apa tisanamizane, makilo ambiri anachoka chifukwa cha chitsulo chopepuka cha titanium pa thupi la mzingawo, paipiyo ndi ya sitilo.

Pomaliza a pa msonkhanowo anagwirizana kuti paipi iliyonse ya presha iziyesedwa isanapite kwa kasitomala, ine ndinakweza dzanja kuvomereza, kungoti anasiya poti aliyense aziona yekha, apo ndiye sindinakondwe.

Ndiye amene ankati ndikukadya alawansi pa nkhani za nkhondo amve, njira yomweyi ndi imene amalimbitsira mapaipi a dizilo opita ku ma injekita a injini. Ife timangochindikiza poopa, kuyesa osayesa. Pampu yoyesera presha ndinaipempha chaka chatha paipi ina itaphulika pafupi ndi nkhope ya mnyamata wathu, komiti inati ndalama palibe, mpaka lero kalata yanga sinayankhidwe. A Msungichuma malisiti onse ndakupatsirani, ndipo nkhani ya pampuyi ndikupempha ilowe pa ajenda ya mwezi uno.