Kalata kwa mphwanga: chombo cha mapiko ogwedera

Mphwanga Takondwa,

Mayi ako akuti kumeneko ku Ngabu ukumakana kulowa m'nyumba madzulo, ati ukudikira tinyenyezi toyenda tija. Si nyenyezi ayi, ndi masetilaiti, zombo zopangidwa ndi anthu.

Chimodzi dzina lake Hubble. Anachitumiza kumwamba mu 1990 kuti chizijambula nyenyezi zakutali, ndipo chimazungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 95. Anachiika mapiko awiri a sola, aatali, opyapyala. Chikamatuluka mumthunzi wa dziko n'kulowa padzuwa, mapikowo ankatentha mwadzidzidzi n'kupindika, chombo chonse n'kumanjenjemera. Ujambula bwanji dzanja likunjenjemera?

Unasenzapo nsungwi yaitali paphewa? Ukatembenuka mwaphuma, nsonga zake zimavina, ndipo ukailetsa mwamphamvu imakukankha iweyo. Wozolowera amakhota pang'onopang'ono, akumvetsera paphewa pamene nsungwi ikulowera. Yaiwisi sivina ngati youma, koma phewa limadziwa lokha, akangoyenda pang'ono basi.

Kumwambako kulibe popondera. Hubble amakhota ndi mawilo anayi olemera amene ali m'mimba mwake: wilo likathamangira uku, chombo chimatembenukira uko. Tizipangizo totchedwa gyroscope ndi timene timauza kompyuta kuti chombo chapendekera pati. Akatswiri anatumizira kompyutayo malangizo atsopano kuti ichepetse kunjenjemera, kenako mu Disembala 1993 anthu anakwera pa chombo Endeavour n'kukasintha mapikowo ndi manja.

Koma masetilaiti ambiri palibe amene angawatsatire ndi sipanala. Ena amanyamula mafuta, ndipo mafuta akamatha chombo chimapepuka, mapiko nawo amakalamba. Ndiye akatswiri amapanga kompyuta yodzikonza yokha. Ikankha pang'ono, ione mmene mapiko ayankhira, isinthe mphamvu yokankhira ulendo wotsatira. Ine pamenepa ndiye pamandikomera, ngakhale ndi povuta zedi, chifukwa kompyuta ikapupuluma kusintha, m'malo motontholetsa mapiko imawavinitsa koposa.

Loweruka upemphe agogo nsungwi ukayese pabwalo, kutali ndi mbuzi ndi mng'ono wako. Undilembere kuti yasiya msanga kuvina ndi iti, yaiwisi kapena youma. Upereke moni kwa mayi ako, uwauze kuti nsomba zouma ndiwatumizira mwezi ukatha.

Ndine malume ako,
kuno ku Nsanje