Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: mapulogalamu olemetsa kompyuta

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Ndabwerako ku msonkhano wa masiku awiri wa okonza mapulogalamu umene munandituma. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kale kwa msungichuma. Tsiku loyamba kunali malonje, mau a akuluakulu, ndi phunziro la mapasiwedi lomwe tonse tikulidziwa.

Ulendo unapindula pa tsiku lachiwiri. Mayi wina anaika patsogolo laputopu ya RAM (memory imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ya 4 GB, yofanana ndi za m'sukulu zomwe timathandiza, n'kutsegula mapulogalamu atatu opangidwa ndi Electron, chida chopangira mapulogalamu a pa kompyuta. Tonse tinaona mu Task Manager (zenera loonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito) memory ikudzaza, fani ikulira. Anafotokoza kuti Electron, imene GitHub inatulutsa mu 2013 ndi dzina la Atom Shell, imanyamula bulawuza yathunthu ya Chromium ndi Node.js (chida choyendetsera JavaScript, chiyankhulo cholembera mapulogalamu) m'pulogalamu iliyonse. Mapulogalamu a Electron monga Slack, Discord ndi VS Code onse ali ndi bulawuza yawoyawo mkati. Zili ngati mabanja atatu, lililonse labwera ndi mbaula yake m'khitchini imodzi yopanikiza.

Kenako anationetsa Tauri (chida china chopangira mapulogalamu), imene mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2022. Iyo imabwereka webview (gawo loonetsera masamba a pa intaneti) yomwe ili kale m'kompyuta, monga WebView2 pa Windows 10 ndi 11, choncho fayilo yoikira imakhala ya ma MB ochepa, osati pafupifupi 100 ngati pa Electron. Taganizani za bandulo yomwe aphunzitsi amawononga podawuniloda. Ngakhale Microsoft inachotsa Teams pa Electron mu 2023, ndipo inanena kuti yatsopanoyo imadya memory yochepera ndi theka. Mayiwo sanabise kuti WebView2 nayonso ndi ya Chromium, ndiye phindu lalikulu lili pa kuchepa kwa fayilo, ndipo pa Tauri pamafunika kudziwako chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha Rust.

Pomaliza ambiri anagwirizana kuti magulu ang'onoang'ono apitirize ndi Electron poti aliyense amadziwa JavaScript. Ine ndinakana. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito pa makina a 16 GB. Pulogalamu yathu ya malipoti a mayeso imakatsegulidwa pa makompyuta akale opatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino, ena akadali pa Windows 7, pomwe Electron inasiya Windows 7 kuyambira mtundu wa 23 mu 2023. Kodi mphunzitsi wa kumudzi azidikira mpaka liti kuti magiredi atseguke, magetsi ali pafupi kuzima?

Apa ndikumbutse nkhani yowawa. Chaka chatha tinasonkha ndalama zogulira RAM yoonjezera m'sukulu ziwiri zija. Mpaka lero RAM sinafike, ndipo palibe amene watiuza komwe ndalamazo zili. Aphunzitsi amafunsa ine chifukwa ndine amene ndimafikako.

Ndikupempha kuti Loweruka tiyese tsamba lolowetsera magiredi mu Tauri pa kompyuta yofooka kuposa zonse, ndipo msungichuma abwere ndi buku la zosonkha zija.