Kabati ya agogo yapita pa K60,000, tiyeni tiziyamba tayang'ana tisanagulitse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzipepala yanuyi, mwina wina awerenga asanachite zomwe tachita ife pa banja pathu. Mwezi wathawu ndinapita kumudzi chakufupi ndi Ekwendeni kukaona mayi, kungolowa mnyumba ndikuona pakona pomwe pankakhala kabati ya agogo pali kadisipulei konyezimira kamagalasi, ndiye ndikufunsa kuti kabati ija ili kuti, msuweni wanga ndikuyankha akumwetulira kuti tagulitsatu achimwene, kunabwera anthu pa galimoto amayenda khomo ndi khomo kufunsa mipando yakale, atipatsa K60,000 ife taonjezerapo ndikugula yamakonoyi. Ine ndinangokhala pansi. Mayi nawo anangoti zii maso kumbali, ndinadziwa kuti sanafunsidwe bwinobwino.

Kabati imeneyo anaipanga ndi bambo awo a agogo anga aakazi, omwe anaphunzira ukalipentala ku Khondowe. Kwa achinyamata omwe mwina mbiriyi inakudutsani, Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894 kuchokera ku Bandawe, ndipo sukulu yomwe anatsegula kumeneko siinali yongophunzitsa aphunzitsi ndi abusa ayi, munalinso ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku ndi ntchito zina zamanja. Anyamata otuluka kumeneko ena anakagwira ntchito mpaka ku Rhodesia ndi ku Joni, ena anabwerera mmidzi ndikumapangira anthu matebulo, mabedi, mabokosi ndi makabati pa oda, munthu kunena yekha kuti ndikufuna chakuti chachitali chonchi. Ndiye mipando yamtunduwu ilipo ndithu kuno kumpoto, kungoti eni akefe timaiona ngati zinthu zaumphawi zofunika kubisa alendo akabwera.

Zitandipweteka choncho ndinanyamula katebulo komwe kanatsala pa mipando yomwe anapanga agogo omwewo, komwe ana amaikapo ndowa za madzi kukhitchini, ndikubwera nako kuno ku Mzuzu pa minibasi, kondakitala kundilipiritsa ngati munthu wachiwiri akundiseka kuti madala nkhuni zatha mtauni kodi. Ndinakaonetsa kwa mmisiri wina wachikulire wa kuno ku Chibavi kuti angolimbitsa mwendo umodzi womwe unkagwedera. Bambo amenewa sanayambe ndi pamwamba, anakagadabuza katebuloko miyendo mmwamba ndikundiuza kuti ndiyendetse chikhatho pansi pake. Sipanali posalala ngati thabwa la pa mashini, panali timafunde tating'ono tomwe diso silingaone koma dzanja likumva, akuti amenewo ndi mapazi a puleni yamanja. Anatulutsa drowa ndikundionetsa pakona pomwe matabwa awiri alowana ngati zala za manja awiri, mano ake osafanana, lina lonenepa lina lowonda, ndipo kamzere komwe mmisiri anakanda poyeza kakuonekabe. Mashini amadula mano ofanana ndendende ngati a chipeso, koma munthu wa sowo ndi tchizulo sangafananitse onse. Miyendo nayo inalowetsedwa mu mabowo ndikukhomeredwa ndi tizikhomo tamtengo, msomali ngakhale umodzi mulibe. Kenako anapala pang'ono ndi mpeni malo obisika mkati, thabwa lija ndikutuluka lofiirira bwino, akuti uwu ndi mlombwa weniweni mwana wanga, mupite nako kunyumba ndipo madzi asadzakhalenso pamenepa.

Ndinakhala pa shedi yawo mpaka madzulo, ndiye zina zomwe ndinatolako ndi izi. Masikuluwu a sitala aja anayamba kupangidwa cha m'ma 1930, ndiye mpando ukakhala kuti paliponse ndi masitala okhaokha wina nkumakuuzani kuti ndi wanthawi ya Laws, mukaike kaye, akale ankakhala a fulati amzere umodzi. Koma osafulumiranso kuunyoza chifukwa cha sikuluwu imodzi kapena hinji yatsopano, zinthu zakale zimakonzedwa, muone ngati pambali pake pali mabowo akale omwe anasiyidwa. Kutha kwake kuzikhala pamalo oyenera, pomwe anthu amaponda ndi mapazi, pogwirira drowa, mmphepete momwe zigongono zimatsamira, osati kutha paliponse mofanana ngati wina wadutsitsa sandipepala dala kuti chioneke chakale, chifukwa achinyengo otero aliponso. Thabwa likamakalamba limafota m'mbali osati mulitali, nchifukwa chake tebulo lozungulira lakale ukaliyeza ndi tepi mbali ziwiri supeza nambala imodzi. Ndipo mtengo wake umanena zambiri. Mlombwa, mbawa ndi muwanga ndi mitengo yathu yolimba yolemera, mkungudza wa ku Mulanje umadziwika ndi fungo lake ndipo chiswe chimauthawa. Paini wa ku Chikangawa yemwe tadzaza naye mnyumba zathu anayamba kudzalidwa kwambiri cha m'ma 1950 kupita mtsogolo, ndiye bedi la paini ameneyu silingakhale la zaka 100 ngakhale lide bwanji ndi utsi.

Zaka 100 ndazitchula dala chifukwa ogula zinthu zakale kunjaku ndi pamene amayambira kuwerenga kuti ichi ndi chakale chenicheni, ndipo mtengo umasintha pamenepo. Amayang'ananso kapangidwe. Za nthawi ya Mfumukazi Victoria ya ku Britain, yomwe inamwalira mu 1901, zimakhala zolemera, zakuda, miyendo yozokota mikanda mikanda. Za m'ma 1920 ndi 1930 zomwe amati Art Deco zinayamba kuchepetsa maluwa ndikumakonda mizere yoongoka ndi makona obulungira. Za m'ma 1950 ndi 1960 ndi zija zamiyendo yowonda yotangadza, zina pamwamba pali Formica, ambirife tinakula tikudyera pa matebulo amenewo mnyumba za aphunzitsi ndi makalaliki. Koma ine ndikuona kwanga kuno kwathu kapangidwe pakokha kangakunamizeni, chifukwa mmisiri wakumudzi ankapangabe zomwe anaphunzira ali mnyamata mpaka ukalamba wake, sankatsata mafashoni a ku London, ndiye kabati yooneka ngati yanthawi ya Victoria itha kukhala kuti inapangidwa Kamuzu atabwera kale mu 1958. Kwa ine sizichepetsa kanthu, ndi dzanja la munthu wathu ndithu.

Chinanso tikumbukire kuti Mzuzu ndi tauni ya dzulodzulo, inayamba ndi esiteti ya tung, mitengo yomwe njere zake amayengera mafuta, cha mu 1947 ndipo yadzakhala mzinda mu 1985. Ndiye chinthu chakale chomwe chili mnyumba ya ku Katoto, Zolozolo kapena Mchengautuwa sichinabadwire kuno, chinabwera pa lole ndi makolo kuchokera ku Khondowe, ku Ekwendeni, ku Bandawe, ku Karonga kapena ku Likoma, mwinanso ndi bokosi lomwe agogo anabwera nalo kuchokera ku migodi nthawi ya Wenela. Ulendo umenewo ndi womwe timataya tikagulitsa mosafunsa. Wogula uja akakaiika kabati yathu mu loji ya kunyanja kapena kuitumiza kunja, adzangouza alendo kuti ndi yachitsamunda, ngati anapanga ndi mzungu, dzina la agogo athu lathera pomwepo. Izi ndi zomwe zikundiwawa kuposa ndalamazo, ngakhale ndalamazo nazo, a Mkonzi, K60,000 lero simugula nayo matabwa a mlombwa okwana kabati yotalika kuposa ine, ngati mungawapeze nkomwe poti mitengoyi tinamaliza ndi makala ndi macheka.

Sindikunena kuti kugulitsa ndi tchimo ayi, zinthu zavuta, fizi ikufunika, fetereza akufunika, munthu sangagone ndi njala akuyang'ana kabati. Msuweni wanganso sindikumuda, iye amaganiza kuti akuwakonzera mayi pa balaza. Koma choyamba itanani mmisiri wachikulire aone, funsani achikulire a pa banja kuti anapanga ndani, jambulani pa foni kutsogolo, kumbuyo ndi pansi pomwe, ndipo munthu akabwera yekha pakhomo panu ndi galimoto kudzafuna chinthu chomwe inu mumaikapo ndowa, dziwani kuti waona chomwe inu simunaone, musalandire mtengo woyamba. Ndipo omwe mwasankha kusunga chonde siyani zopaka penti ya gilosi ija yobiriwira kapena yabuluu, komanso kupala ndi sandipepala mpaka thabwa kuyera, mukufufuta zaka zonse zomwe zimapatsa chinthucho ulemu. Kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, kuumitsa, kupaka polishi basi. Chichotseni pa khoma lachinyezi, poti mvula ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa, ndipo muziona pansi pake ngati pakugwa kaufa, kameneko ndiye kuti tizilombo tayamba kufumbula mkati.

A boma nawo atithandize. Lamulo la Monuments and Relics Act lilipo ndipo zinthu zakale zokhudza mbiri ya dziko sizimayenera kungotuluka popanda chilolezo, koma kumudzi ndani anamvapo zimenezi? Tili ndi Mzuzu Museum pompano mtauni, bwanji osakonza tsiku limodzi pa chaka loti anthu abwere ndi zithunzi za mipando, mabokosi ndi mashini osokera a makolo awo, odziwa aziwafotokozera ndikulemba mu buku kuti chakuti chili pa banja lakuti? Mashini a Singer aja mwachitsanzo amakhala ndi nambala yomwe imatha kukuuzani chaka chomwe anapangidwa. Ku Stone House ku Livingstonia, nyumba ya 1903 ija yomwe ankakhala Dr Laws, anthu amakwera msewu wa Gorodi ndi makhotakhota ake onse kukaona katundu wa amishonale, koma za anyamata achikuda omwe ankacheka ndi kupala matabwawo zikutha mwakachetechete mmakhitchini mwathu.

Katebulo kaja pano kali pa balaza panga, mkazi wanga poyamba anakana kuti sikakugwirizana ndi masofa koma wazolowera. Ndinawaimbira mayi kuti andiuze zonse zomwe akukumbuka, ndiye ndalemba ndi pensulo pansi pake dzina la agogo aja, mudzi wawo, komanso kuti anaphunzira ku Khondowe. Kumudziko ndamva kuti chitseko chimodzi cha disipulei ija chayamba kale kufufuma mmunsi, akuti ana anatayirapo madzi pokolopa, poti ndi chipibodi, utuchi wongomata ndi guluu.

Wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu