Tizilombo Timene Timagwira Zolimba Tikamakokedwa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa matenda a m'chikhodzodzo, amene akusautsa amayi ambiri kuno ku Lusaka koma amatengedwa ngati litsiro wamba loti madzi angakokolole. Ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo zimandiwawa kuona munthu amene akumva kutentha pokodza akupita pa kantemba kukagula makapisozi anayi, n'kumwa kwa masiku awiri, kenako n'kumadabwa kuti vuto labwereranso mwezi usanathe. Ndikukhulupirira kuti anthu atadziwa mmene kachilombo kamagwirira thupi, sangachite nako chibwana chotere.

Ambiri mwa matendawa amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Escherichia coli, amene kwawo ndi m'matumbo koma amasochera n'kulowa m'njira ya mkodzo. Kachilomboka kali ndi tiulusi tambirimbiri tonga ubweya, ndipo kunsonga kwa kaulusi kalikonse kuli puloteni yotchedwa FimH, imene imagwira mtundu wina wa shuga, mannose, wopezeka pa mapuloteni okuta khoma la chikhodzodzo. Nzeru za tsiku ndi tsiku zimatiuza kuti chinthu chomatirira chimachoka ukachikoka mwamphamvu, monga chisoso chimachokera pa chitenje. Koma mu 2002 akatswiri a ku University of Washington mumzinda wa Seattle ku America, a Wendy Thomas, a Evgeni Sokurenko, a Viola Vogel ndi anzawo, anaonetsa zosiyana ndi zimenezo. Anaika tizilomboti pamodzi ndi maselo ofiira a magazi a mbira, n'kumayendetsa madzi pa liwiro losiyanasiyana, ndipo anapeza kuti madzi akamayenda pang'onopang'ono kugwirana kwake kumakhala kofooka, koma liwiro likawonjezeka kumalimba.

Aliyense amene anatcherapo khwekhwe kumudzi amvetsa msanga. Nyama ikakodwa, kukoka kwake komweko ndiko kumalimbitsa chingwe. FimH ili ndi zigawo ziwiri zolumikizana, ndipo pamene palibe choikoka, chigawo chapansi chimapanikiza chinzake kotero kuti kathumba kogwirira shuga kamakhala kotayirira. Mphamvu ya madzi ikakoka, zigawozo zimatalikirana, kathumba kamatsekeka molimba, ndipo kachilombo kamakhazikika pomwepo. Madzi akaleka kuyenda, kamamasukanso n'kuyamba kusuntha kukafuna malo atsopano. Choncho nthawi imene thupi likuyesa kukataya kunja ndi mkodzo ndiyo nthawi imene kamagwira kwambiri, ndipo mkodzo ukakhala phee m'chikhodzodzo kamapeza mpata wofalikira. Ine ndimaona kuti ichi ndi chimodzi mwa zinthu zodabwitsa kwambiri zimene sayansi yaulula pa za tizilombo, ndipo n'chachisoni kuti sichinafotokozedwe mokwanira m'chilankhulo chathu.

Wina angafunse kuti, ngati zili choncho, kumwa madzi n'kopanda phindu? Ayi ndithu. Si tizilombo tonse timene tagwira kale khoma, ndipo timene tikuyandama mu mkodzo timatuluka munthu akakodza, tisanachulukane. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2018, wokhudza amayi 140 amene ankadwala matendawa pafupipafupi komanso ankamwa madzi ochepa, anapeza kuti amene anawonjezera lita imodzi ndi theka patsiku anadwala pafupifupi theka la maulendo amene anzawo anadwala. Phindu la madzi lili pa kupewa, tizilombo tisanakhazikike. Apa ndimaganizira amayi ogulitsa ku msika wa Soweto ndi atsikana a m'sukulu za m'makomboni, amene amadziletsa kumwa madzi ndiponso amasunga mkodzo tsiku lonse chifukwa chimbudzi n'cholipira, n'chakutali kapena n'chauve. Mkodzo wosungidwa motero ndi dziwe limene tizilombo timaswanamo mwamtendere. Koma matenda akangoyamba, makamaka kwa mayi woyembekezera kapena munthu amene watentha thupi ndipo akumva kuwawa m'mbali mwa msana, madzi okha sangathandize, ndipo malo oyenera ndi ku kiliniki.

Nkhaniyi sithera m'chikhodzodzo. Pakhungu pathu pamakhala mabakiteriya otchedwa Staphylococcus, amene nthawi zambiri savulaza munthu, koma akalowa m'magazi amagwira puloteni yothandiza magazi kuundana yotchedwa fibrinogen. Mu 2018 akatswiri a ku Munich m'dziko la Germany, mogwirizana ndi anzawo a ku Illinois ku America, anayeza kugwira kwa puloteni ya Staphylococcus epidermidis yotchedwa SdrG, ndipo anapeza kuti kuimasula kumafuna mphamvu yoposa ma nanonewton 2 (nanonewton ndi muyezo wa mphamvu zing'onozing'ono kwambiri). Kwa ife mphamvu imeneyi ndi yochepetsetsa, koma pa msinkhu wa tinthu tosaoneka ndi maso ikuyandikira mphamvu imene ingadule puloteni yeniyeniyo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kachubu kalikonse koikidwa m'thupi, kaya ka dilipi kaya kotulutsira mkodzo, sikachedwa kukutidwa ndi mapuloteni a m'thupi monga fibrinogen, ndipo potero kamasanduka malo ogwirapo tizilombo. N'chifukwa chake kusamba m'manja musanagwire kachubu ka wodwala, ndiponso kukachotsa pamene sikakufunikanso, ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Ife amene timakhala pambali pa bedi la m'bale wathu m'chipatala tili ndi ufulu wofunsa anamwino mwaulemu ngati kachubuko kakufunikabe.

Akatswiri ena, monga a Scott Hultgren a ku St. Louis ku America, akuyesa kupanga mankhwala amene sapha kachilombo koma amatseka kathumba ka FimH kuti kalephere kugwira. Maganizowa ndi abwino, koma tisafulumire. Shuga wa D-mannose, yemwe ndi mannose uja amene FimH imagwira ndipo amagulitsidwa ngati wopewera matendawa, anayesedwa ku Britain pa amayi pafupifupi 600, ndipo zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti sanachepetse kubwereza kwa matenda. Pakadali pano tikudalirabe mankhwala opha tizilombo, amene akutha mphamvu chifukwa cha mmene tikuwagwiritsira ntchito. Mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala, ndipo chigawo chathu cha Africa kumwera kwa Sahara n'chimene chinakhudzidwa kwambiri. Makapisozi anayi a pa kantemba aja, ogulidwa popanda kupimidwa, akuwonjezera moto umenewo.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti mupereke malo m'nyuzipepala yathu kwa madokotala ndi aphunzitsi a ku University of Zambia ndi ku University Teaching Hospital kuti azifotokoza zinthu zotere m'Chinyanja chomveka, ndiponso kuti atolankhani anu akayendere misika ndi sukulu za mumzinda uno, akawerenge zimbudzi ndi mipopi imene ikugwiradi ntchito, kenako adzatiuze zimene apeza.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Chilenje, Lusaka