Kuwala kopyola muyezo kumapha makorali, makamaka kuno ku Chigwa

A Mkonzi,

Tipatseniko danga tilankhulepo za makorali olimba, amene ena ayamba kuwasirira akaona pa Facebook ndi YouTube matanki agalasi owala buluu. Korali si mwala ndipo si chomera. Ndi tinyama tating'onoting'ono tokhala pamodzi, todzimangira chigoba cha laimu. M'minofu mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga chakudya kuchokera ku kuwala n'kumagawana ndi mwini nyumbayo. Ambiri akamva zimenezi amati basi, kumuunikira kwambiri ndiye kumudyetsa bwino. Ayi ndithu. Kuwala kukachuluka ndere zija zimatulutsa zinthu zowononga minofu, korali amazilavula, n'kutsala woyera mbee. Kukawonjezera kutentha zimafulumira, ndipo tonse tikudziwa mmene Nsanje, Ngabu ndi Nchalo kumakhalira mu Okutobala ndi Novembala, madigiri kupyola 40.

Diso limanamiza. Ndere za m'korali zimagwiritsa ntchito kwambiri kuwala kwa buluu, koma kwa munthu buluu amaoneka wachimbuuzi, ndiye mwini thanki amangokweza nyali ya LED mpaka kumapeto. Muyezo wodalirika ndi PAR, wosonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene ndere zija zingagwiritse ntchito, umene umayezedwa ndi kachipangizo komiza m'madzi pamalo penipeni pamene korali adzakhale. Pa thanki yozama masentimita 60, nambala ya pafupi ndi pamwamba imatha kuposa kawiri ya pamchenga.

Makorali a timilomo tating'ono, amene oweta amawatchula SPS, ndiwo okhala kumtunda kwa thanki. Acropora amafuna PAR ya 250 mpaka 350 ndi madzi othamanga mosinthasintha mbali. Montipora, Stylophora ndi Pocillopora amakhutira ndi 150 mpaka 250. A milomo ikuluikulu ya minofu, a LPS, ndi a m'munsi: Euphyllia pa 75 mpaka 150, Lobophyllia ndi Trachyphyllia pa 50 mpaka 100. Trachyphyllia mumukhazike pamchenga osati pamwala, chifukwa amafufuma masana ndipo mnofu ukamakhuzana ndi mwala umang'ambika n'kuyamba kuwola.

Poika, musaone kukula kwake kwa lero kokha. Montipora wina amakula motambalala ngati lichero, ndipo pakatha chaka onse amene ali pansi pake amakhala mumthunzi, choncho malo ake ndi m'mphepete. Euphyllia ndi Galaxea amaoneka ofatsa masana, koma usiku amatulutsa timanja titalitali toluma. Mukadzuka mupeza mnzake woyandikana naye wayera mbali imodzi yokha, yoyang'ana kwa iwo. Asiyireni mpata wa masentimita 15 kapena kuposa, ndipo musaike korali wofooka kumene madzi amalowera akachoka pa iwo. Vuto lina ndi la nyali imodzi ya LED yowala ngati tochi: nthambi za Acropora zimadziphimba zokha, nsonga zili bwinobwino koma tsinde likufa. Nyali ziwiri zotalikirana, kapena kuwonjezera nyali zazitali za machubu zotchedwa T5, zimathetsa zimenezi. Nyali ikhale masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa madzi.

Korali watsopano, ngakhale akhale Acropora, ayambire pansi. Wakhala mumdima pa ulendo, ndipo anazolowera nyali ina. Sabata yoyamba akhale pamchenga, kenako muzimukweza pang'ono sabata iliyonse mpaka afike pamalo pake pakatha masabata atatu kapena anayi. Apo m'pamene mungamumate ndi guluu wa supagulu wokhuthala uja. Mukasintha nyali, yambirani pa theka la mphamvu yake n'kumakweza pang'onopang'ono. Korali yekha amanena mmene akumvera. Akamada ngati khofi, kuwala kwachepa kapena madzi achuluka zonyansa za nsomba. Akamatuwa kuyambira kumtunda, kuwala kwachuluka, mutsitseni lero lomwe. Wa LPS akamanyala masana chigoba n'kumaonekera, ndiye kuti kuwala kwachuluka kapena pampu ikumuwomba mwachindunji. Ife timati bola kuchepekedwa: korali wakuda amabwerera mwakale, woyera amavuta kubwerera.

Tsono za kutentha, zimene malangizo olembedwa ku Ulaya sazilabadira kwenikweni. Madzi akhale pa madigiri 24 mpaka 26. Akafika 28 muyambe kuda nkhawa, ndipo akakhala pa 30 kwa masiku angapo makorali amayera ngakhale nyali ili bwino. M'nyumba ya malata yopanda siling'i musayese n'komwe. Thanki italikirane ndi zenera. Nyali za metal halide zimatenthetsa madzi, kuno sizoyenera. Maola 8 kapena 9 a kuwala patsiku ndi okwanira, ndipo korali sadziwa wotchi, choncho yatsani cha m'ma 4 koloko madzulo kuti kutentha kwa nyali kusakumane ndi kwa dzuwa la paliwombo. Fani yowomba pamwamba pa madzi imatsitsako digiri imodzi kapena awiri, koma m'chilimwe cha kuno makina oziziritsa madzi ndi ofunika basi. Fani imaumitsanso madzi, ndipo pobwezeretsa muthire madzi opanda mchere, poti mchere suuluka. Magetsi akazima, batire kapena sola ipite ku pampu kaye. Korali amapirira mdima masiku awiri kapena atatu, koma madzi akaima maola ochepa chabe m'nyengo yotentha mpweya umatha.

Wina asaganize kuti madzi amchere a m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ofanana ndi a m'nyanja yamchere. Pamafunika madzi osefedwa ndi makina a RO (ochotsa mchere ndi zonyansa m'madzi) ndi mchere wogula wopangidwira makorali, mpaka muyezo wa mchere ufike 1.025 kapena 1.026, kashiamu pa 400 mpaka 450 ppm, ndi alkalinity (mphamvu ya madzi yochepetsa asidi) pa 7 mpaka 9 dKH.

Komanso makorali olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, choncho kuwoloka nawo malire kuchokera ku Mozambique kapena South Africa kumafuna chilolezo. Woyamba kumene aitanitse Montipora kapena Euphyllia wobzalidwa m'matanki, Acropora adikire thanki ithe chaka.

Oweta za m'madzi amchere,
Nchalo, Chikwawa